AFilomena Sanapepese

Mundikhululukile, inu akuluakulu amene muwelenge izi. Ine ndine mwana, sukulu ndinalekela giledi naini kwathu kuno ku Ndake, ndipo ngakhale m'kalasi sindinali wokweza dzanja. Nkhani ya akulu siyenela kulembedwa ndi munthu ngati ine. Choopsa kwambili, mmodzi mwa anthu a m'nkhaniyi ndi atate anga ondibala, amene ndikali kudya za m'munda mwao. Koma pa malilo a amai aakulu, aFilomena, mbili yao inatha m'mizele isanu: anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anabeleka ana anai, atisiya. Wowelengayo anapinda pepala, anthu nayamba nyimbo. Palibe amene ananena chifukwa chimene tinawanyamulila ulendo wonse uja kukawaika ku Msanzala, pamene manda a amuna ao ali kuseli kwa mudzi wathu, poti munthu akafuula timamumva. Ndadikila chaka chathunthu kuti wina wamkulu anene. Palibe wanena. Ndiye ndalemba ine.

AFilomena anali mkazi wa atate aakulu, mkulu wao wa atate anga. Nkhani yake ndiinene poyamba pomwe, kuti musasokele. Atate anga analamula kuti aFilomena abweletse nkhuku ndi kugwada, kupepesa abale a mwamuna wao. Akapanda kutelo, sadzagona m'manda athu. AFilomena anakana zaka khumi ndi chimodzi.

Anali munthu wamfupi, woonda, wamapazi ang'onoang'ono, koma unali kuwamva usanawaone. Akaima pachulu kuitana mwana wao Lazalo, amene anali kuyankha ndi agalu a mudzi wina. Anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, akali mtsikana, pamodzi ndi mnzao aJoakina, ndipo anakhala kumalo kumene boma linaika othawa nkhondo, cha ku Msanzala. Atate aakulu anali mmisili womanga nyumba, ndipo anapita kumeneko kukagwila nchito. Amati tsiku lina ali pamwamba pa khoma anamva mkazi akukalipila mwamuna wina amene anadumpha mzele pa mjigo. Anatsika ndi chipande cha matope m'manja kuti akaone mwini mau aja. Nkhondo itatha ambili anabwelela kwao. AFilomena analibe wowabwelela, ndiye anabwela kuno.

Kwathu mkazi akabeleka, dzina lake limagona. Amakhala amake uje mpaka imfa. AFilomena sanali kutsata zimenezo. Amai anga, amene mudzi wonse umawaitana ndi dzina la mkulu wanga, iwo anali kuwaitana kuti Tisa, poyela, ngakhale pa chalichi. Ku depoti ya thonje, mnyamata wa pa sikelo akanena kuti "mai uyo asendeze thumba," iwo anali kungokhala pa thumba lao ngati sakumva, mpaka mnyamatayo afunse kuti amai ndinu ndani. Ndi aphunzitsi a kwaya anakangana kwa miyezi, ati kwaya ikuimba ngati ikuopa kudzutsa Mulungu. Ine, popeza moni wanga umathela pakhosi, ndinali kuwazemba. Akandipeza anali kundigwila pamkono.

"Esinati, mauwo wasungila ndani? Si chimanga choti uike m'nkhokwe. Bwelezanso!"

Anali kunena kuti dzina la munthu lili ndi khomo lakelake m'mutu, ndipo khomo limenelo silitsekeka ngakhale munthu ali m'tulo. Izi anati anazidziwila ku malo a othawa nkhondo. Tsiku lina malungo anawagwetsa pansi pa mtengo pamene anthu anali pa mzele wa chakudya. Sanamve galimoto ikufika, sanamve ana akulila, sanamve phokoso la khamu lonselo. Koma wolemba maina atafika pa dzina lao, anapezeka aimilila asanadziwe kuti ali kuti. Anali kunenanso kuti zimene munthu akamba ndi mankhusu chabe, njele yake ndi mtima umene uli m'mau. Galu sadziwa Chinsenga kapena Chinyanja, koma amadziwa ngati wakwiya.

Koma kwa amene amati aFilomena anali amwano, ndikufuna mudziwe ichi. Zaka zonse za ukwati wao, dzina la amuna ao silinatuluke pakamwa pao. Anali kuwaitana kuti a bambo a Lazalo, ndipo madzi anali kuwapatsa chogwada. Anaphwanya mwambo umenewo kamodzi kokha.

Ine atate aakulu ndinawadziwa bwino atapuwala kale. Anali kukhala pakhonde pa mpando wa chikopa, dzanja lamanzele lili pa miyendo ngati la munthu wina. Mau anali atawatsalila ochepa: eya, iyai, madzi, zikomo. Ukawauza nkhani mwaulemu, monong'ona, anali kungoyang'ana nkhuku pabwalo. Koma aFilomena akayamba kukangana ndi munthu kuseli kwa nyumba, nkhope yao inali kudzuka, mutu n'kutembenukila komweko, mbali ina ya pakamwa n'kuyamba kuseka. Anakhala chomwecho zaka zisanu ndi chimodzi. Anaona Lazalo akukwatila, anagwila adzukulu awili. Zaka zimenezo akanazisowa.

Zimene zinachitika kuchipatala sindinazione, ndinali wamng'ono. Amai anga analipo, ndipo andiuza kangapo osasintha.

Inali nthawi yothyola thonje. Atate aakulu anagwa m'munda, dzuwa lili pamutu. Anawanyamula pa ngolo mpaka kumseu, kenako pa galimoto mpaka ku Nyimba. Anati ndi sitiloko. Anagona masiku anai osatsegula maso, osagwedeza chala. M'mawa wa tsiku lachisanu, pa bedi pao panali atate anga, amai, azakhali athu, Lazalo, aFilomena, ndi akulu a mpingo awili, pakuti atate aakulu analinso mkulu wa mpingo. Anesi ena achitsikana atabwela kudzasintha dilipi, anaona onse ali chete ngati malilo ayamba kale.

"Kambani nao," anatelo anesi. "Munthu akagona chonchi, nthawi zina makutu amakhala akali kugwila nchito. Muwaitane ndi dzina. Ndipo musakambe ngati mukuwelenga kalata. Ubongo umagwedezeka ndi mau a munthu amene umamudziwa, makamaka mauwo akakhala ndi mtima mkati."

Anthu anayesa. Aliyense anafika pafupi, anawelama, anaomba m'manja pang'onopang'ono. Akulu a mpingo anawaitana ndi dzina la mtundu wao nati, "AMumba, mwauka bwanji?" Lazalo anati, "Atate, ndine." Atate anga anati, "Akulu, tabwela." Mmodzi wa akulu a mpingo analimba mtima natchula dzina lao la ubatizo, aYelemiya, limene anatenga ali munthu wamkulu kale, ndipo linali kukhala m'buku la chalichi chabe. Onse anali kunong'ona, chifukwa wodwala sitimufuulila, ndipo wamkulu sitimutchula. Palibe chimene chinachitika.

Atate anga anakokela aFilomena pambali. Anali atakamba kale ndi mwini galimoto.

"Mlamu, galimoto ifika masana. Adokotala sakufuna, koma ife ndife abale. Tiwatenge akapumile kwao, pa mphasa yao."

"Afa?"

"Simukuona inu?"

"Ine ndikuona munthu akupuma."

"Tayesa tonse. Sakumva."

"Mwayesa kuitana ndani, alamu? Munthu amene mwaitanayo ndi wa jekete. Uyu wagona apa alibe jekete."

AFilomena anatembenukila anesi nafunsa kuti pa maina a amuna ao aitane liti. Anesi anati limene analizolowela kuyambila kalekale, limene akalimva sangaganize kuti akunena wina.

Dzina lotelo linalipo. Atate aakulu anabadwa wochepa kwambili, ndipo amai ao anawatcha Kambeba, kutanthauza kambewa. Analisiya atakula, ndipo kutchula dzina la paubwana la munthu wa imvi ndi chipongwe chachikulu. Agogo athu, amai ao aja, okha ndiwo anali kulitchula, atakalamba, akakwiya. Linali litaikidwa m'manda pamodzi nao. Koma aFilomena anasunga apongozi ao zaka zambili, ndipo analimva.

Amai akuti aFilomena anamanga chitenje mwamphamvu. Sanagwade. Anaima kumutu kwa bedi, manja m'chiuno, monga mmene anali kuimila agogo.

"Kambeba! Kambeba iwe! Ugona mpaka liti? Ng'ombe zalowa m'mapila a eni, iwe uli gone! Dzuka ndisanathyole mkwapulo!"

Bambo wina wothyoka mwendo, pa bedi la kukhomo, anaphulika kuseka. Mkulu wa mpingo anagwetsa chipewa. Azakhali anaphimba kumaso.

"Mlamu, mwapenga?" anatelo atate.

AFilomena sanawayang'ane n'komwe. Anaitananso. Kachitatu mau ao anasweka pakati, moti sunakadziwa ngati akukalipa kapena akulila. Pamenepo chikope cha atate aakulu chinanjenjemela. Dzanja lamanja linakoka bulangete. Pakhosi panamveka kulila kwakung'ono.

"Bwelezaninso, amai," anatelo anesi, akuthamangila adokotala.

Ndipo anabweleza, pamaso pa onse aja. Galimoto inafika masana, inabwelela yopanda munthu.

Ndisaname, sindikunena kuti mau a aFilomena ndiwo anachilitsa. Anesi omwewo anati ndi mankhwala ndi nthawi, ndipo panapita masiku ena atate aakulu asanazindikile anthu. Aphunzitsi athu a sayansi, nditawafunsa osatchula maina, anati ndi zoona kuti ubongo umatha kusiyanitsa dzina la mwini wake ndi mau ena ngakhale munthu asali maso, koma si onse amene amadzuka. Chimene ndikunena ndi chakuti chikope chija ndicho chinabweza galimoto. Pakanapanda icho, akanachotsedwa dilipi tsiku lomwelo.

Ndiyenelanso kunena mbali ya atate, chifukwa si munthu woipa. Dzina lija linatuluka m'wodi pamodzi ndi odwala ndi owasunga. Pamene atate aakulu anali kubwela kumudzi, linali litawatsogolela kale. Ana anali kulinong'ona podutsa pakhomo. Ku mowa, chidakwa chikagona, anzake anali kuchiponda ndi phazi n'kumati, "Kambeba, ng'ombe zalowa m'mapila!" Atate analeledwa ndi mkulu waoyo. Ndiye anali kuwabeleka paphewa kuwaolotsa mtsinje popita kusukulu. Kwa iwo, munthu ameneyo anavulidwa pagulu asali wotha kudziphimba.

Ndiye banja linakhala pansi pakhomo pa atate aakulu. Apa ndinalipo, pakati pa ana anzanga.

"Nkhuku imodzi chabe, mlamu, ndi maondo pansi," anatelo atate. "Nkhani ithele pano."

"Ndipepese kuti ndalakwa chiyani? Kuti ali moyo?"

"Kuti munawatukwana."

"Eni ake si awo akhala apo? Afunseni."

Azakhali anafunsa. Atate aakulu anayang'ana mkazi wao, mbali ina ya pakamwa inakwela m'mwamba, mapewa nayamba kugwedezeka. Atate anati kuseka kumeneko si yankho, mutu wao sunabwelele bwino.

"Alamu," anatelo aFilomena, "inu munawalemekeza masiku asanu. Ulemu wanuwo unali utaitana kale galimoto."

Apa ndi pamene atate anatchula manda. Kwathu mkazi amakaikidwa kwa abale ake, koma popeza aFilomena analibe mbumba kuno, agogo ali moyo analonjeza kuti adzagona m'manda athu. Atate anati lonjezo limenelo linali la mkamwana wodziwa mwambo, ndipo popanda nkhuku latha. AFilomena anakutumula chitenje naimilila.

"Dothi silifunsa chitupa," anatelo, nalowa m'nyumba kukatenga madzi a amuna ao.

Kuyambila tsiku la kuchipatala lija, dzina limenelo sanalitchulenso. Anabwelela ku a bambo a Lazalo ndi kugwada kwao. Ndipo musaganize kuti udani unali wosalankhulana. Anali kubwela kudzatithandiza kukolola, analandila ana a kwathu pobadwa. Akakumana ndi atate panjila, anali kufuula patali.

"Mwauka bwanji, alamu anga a nkhuku?"

"Tauka, mlamu. Kodi ikali kukula?"

"Ikali dzila!"

Anthu anali kuseka, n'kumaganiza kuti nkhani inazilala. Koma atate aakulu atamwalila, atate anauza adzukulu okumba manda kuti asiye malo pambali, kenako anauza aFilomena pamaso pa anthu kuti malowo alipo, akudikila chinthu chimodzi. Iwo anayankha kuti azingodikila.

Chaka chatha, nthawi yozizila, aFilomena anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anawabweza. Sabata yomaliza anasiya kudya, kenako anasiya kuyankha. Amai a mumpingo anali kubwela kudzaimba, iwo osagwedezeka. Lazalo anali kuwagwila dzanja n'kumati amai, amai, koma kunali zii. AJoakina anafika kuchokela ku Msanzala, atakalamba, akuyenda ndi ndodo.

Tsiku lachiwili la kusayankhako, cha m'ma teni m'mawa, tinali m'nyumbamo ine, amai ndi aJoakina. Lazalo anaima pakhomo ndi thadzi lakuda m'khwapa, miyendo yomanga ndi luzi. Anakodola amai anga. Anali kunong'ona kuti amai ake sakumvanso, ndipo iye sangalole kuti akagone kutali ndi atate ake chifukwa cha nkhuku. Anapempha kuti amai amupelekeze kwa atate anga ndi nkhukuyo. Amai anazengeleza, ati nanga tikanene kuti watuma ndani. AJoakina ndiwo anayankha, motsitsa mau, atatopa nazo.

"Pitani, ana inu. Mukangoti Filomena wapepesa, basi."

Pa mphasa panamveka kupuma kwina. Titacheuka tinaona maso ali otsegula. Sanali kuyang'ana denga. Anali kuyang'ana pakhomo.

"Wanena ndani?"

Mauwo anali aang'ono kuposa anga.

"Lazalo."

"Amai."

"Masula."

Lazalo anagwada pakhomo pomwepo, akulila ngati mwana, namasula luzi. Thadzi linathawila kuseli kwa nkhokwe. AJoakina anaseka misozi ili mbwembwembwe, nati, "Mfiti iwe, nyimbo zonse zija unali kutimvela chabe?" AFilomena anatsekanso maso. Sanakambenso kanthu.

Titafika kunyumba masana, tinapeza atate atakhala pa mpando pabwalo, atasamba, atavala jekete la ku chalichi pakati pa sabata. Wina anali atawauza kuti Lazalo wagwila nkhuku. Pambali pao panali mphasa yoyala, yoti alendo akhalepo.

"Ali kuti?" anafunsa.

"Sabwela," anatelo amai. "Eni ake akana."

"Akana bwanji munthu wosamva?"

"Amva."

Atate anakhala pamenepo mpaka mthunzi unawasiya. Ndinaganiza kuti aimilila, apite okha, akanene kuti zatha. Ndikhulupilila kuti iwonso anali kufuna kutelo. Koma anavula jekete nalowa m'nyumba. AFilomena anamwalila tsiku lotsatila, dzuwa litapendeka.

Matabwa a bokosi anapeleka ndi atate. Pa galimoto ya ku Msanzala anakwela nao, anakhala kumbuyo. Koma mau ao sanawabweze, ndipo Lazalo sanawapemphe. AFilomena anagona pakati pa anthu amene anaoloka nao malile.

Atate, ndikudziwa kuti wina adzakuwelengelani izi. Ndidzapitiliza kukugwadilani pokupatsani madzi, ndipo ngati mundikalipile ndidzakhala chete monga mwa nthawi zonse. Koma amai aakulu sanalakwe. Anthu asanu ndi mmodzi anaima pa bedi lija akusunga ulemu wa atate aakulu, ndipo mmodzi yekha ndiye analola kutaya ulemu wake kuti awapeze. Woyenela kuwapatsa nkhuku munali inu.

Kumanda sitipitako wamba, koma mwezi watha kunali malilo a khanda, ndipo ndinaona malo aja amene anasiyila aFilomena. Ali pakati pa manda a atate aakulu ndi mtengo wa msolo, kukula kwake kokwana munthu mmodzi wamfupi. Manda ena afika kale mbali zonse, adzukulu akudandaula kuti malo achepa, koma pamenepo palibe amene waloledwa kukumba. Udzu wa pamenepo ndi wosengedwa bwino kuposa pena paliponse. Adzukulu akuti si iwo amene amasenga. Palibe mtanda, palibe mbale, palibe dzina.

Tinawaika ku Msanzala Lachitatu, pa 16 Julaye chaka chatha, asanapepese.